Dzina la Malemu pa Mndandanda wa Makina

1

Mwina nanunso munamva. Kuno ku Fíngoè palibe amene sanamve, ngakhale aja a ku Chiputo amene nkhani zimawapeza zitazizira kale. Ankati munthu wina amene tinamuika m'manda zaka khumi zapitazo sanafe. Ankati chimene tinakwirira chinali thunthu la nthochi, mwini wakeyo anadulidwa lilime n'kupita naye ku Tete, ndipo kumeneko wakhala akusoka zovala m'fabirika zaka zonsezi, osadya, osalankhula, malipiro akulandira mng'ono wake.

Azimayi ankanong'onezana pachitsime. Oyendetsa mota, njinga zamoto zija, ankauza aliyense wokwera, osalipiritsa. Mawu ake anali amodzi, ndipo ankawatchula atayang'ana kaye kumbuyo: ndondocha.

Munthu wa m'mandayo anali bambo anga aakulu, a Jordão Nicolau. Mng'ono wawo uja ndi a Aníbal, bambo anga ondibereka.

Ine ndine Mila. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu ndinalekezera setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, tsopano ndimathandiza amayi kugulitsa mandasi pamsika. Ndiulule poyambirira pomwe kuti nkhani ndimazikonda kuposa ndiwo. Amene wapatsidwa mimba ndi ndani, amene wapeza golide n'kubisira mkazi wake, amene wagula foni ndi ndalama za feteleza, mukafuna kudziwa mungobwera pamene ndimakhala, pafupi ndi ogulitsa tomato. Amayi amati ndinabadwa pakamwa pali potsegula. Kale ndinkaseka akatero.

2

Bambo anasoka zaka zisanu ndi zinayi ku Tete. Fabirika yawo inkasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi zovala za ogwira ntchito m'migodi. Ankabwera kunyumba pa Khirisimasi ndi pokolola basi. Chala chawo cha mkombaphala chili ndi chikhadabo chogawanika pakati, pamene singano ya makina inalowa n'kutulukira kuseri.

Kenako kunayamba kubwera mayunifolomu akunja, osokasoka, okutidwa m'mapulasitiki, otchipa kuposa nsalu yokhayo imene fabirika inkagula. Pamwamba pake mabelo a kalamidade, zovala zovalidwa kale zija, anadzaza misika yonse. Chaka chatha fabirika inatseka. Bambo anatsika m'kamiyau, lole yonyamula katundu, ali ndi thiranki lachitsulo, osanena zambiri.

Tsiku lina ndinagula bulauzi ya kalamidade, yofiira, yokongola zedi. Bambo anaipempha, n'kuitembenuza kunja kukhala mkati, n'kumayendetsa chala pamsoko.

"Taona mmene anapindira apa," anatero. "Amene anasoka iyi ndi mmisiri. Ndi iyeyu wandichotsa ntchito, ndipo sakudziwa n'komwe kuti ndilipo."

Anandibwezera. Sanandikalipire. Koma kulima sankakutha bwino, kumigodi ya golide anakana kwamtuwagalu chifukwa ndi kumene kunafera mkulu wawo. Ankangokhala pakhonde, phazi lakumanja likupondaponda pansi ngati pali chopondera cha makina.

Mu Okutobala, dzuwa litafika poswa miyala, wailesi inalengeza kuti boma lithandiza amene anataya ntchito chifukwa cha katundu wakunja. Osoka alandira makina, mpukutu wa nsalu, ndiponso mwayi wosokera sukulu za m'dera lawo. Amene anabwerera kwawo adzalandirira komweko. Amayi, a Bárbara, anavina ndi chipande m'manja.

"Bambo a Mila, mwamva? Makina anuanu."

"Ndamva."

"Ndiye nkhope imeneyo ndi ya chiyani?"

Bambo anazimitsa wailesi. Amayi anawayang'ana, kuvina kuja kunatha pang'onopang'ono, ngati akumbukira chinthu. Ine ndinaziona. Ndimaona zonse.

3

Lolemba lotsatira anamata pepala pakhoma la ofesi ya boma. Linali m'Chipwitikizi, ndiye azimayi apamsika anandikoka.

"Tiye, iwe wa setima, ukatiwerengere. Tione ngati bambo ako akhala bwana."

Tinapita gulu, ine patsogolo ngati mphunzitsi. Panali mayina asanu ndi awiri a m'dera lathu, lililonse ndi zaka zimene munthuyo anagwira. Ndinawerenga mokweza, ndikukometsera mawu kuti amve kuti Chipwitikizi ndimachitha. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Pa lachisanu pakamwa panathamanga kusiya mutu kumbuyo.

"Jordão Nicolau, wosoka, kuyambira 2015 mpaka 2024."

Mayi Zeferina ogulitsa tomato anandigwira mkono.

"Werenganso."

Ndinawerenganso.

"Jordão wake uti? Wa Carlota? Uja dzenje linamugwera?"

"Palembedwa choncho."

"Anamwalira chaka chiti, amayi inu?"

"Chomwecho cha 2015," wina anayankha. "Mvula itangoyamba kutha. Ndinali ndi mimba ya Florinda."

"Nanga dzina la bambo ako lili pati?"

Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri. Dzina la Aníbal panalibe.

Azimayi aja anabwerera kumsika ali chete, zimene sizichitika. Ine ndinatsalira m'mbuyo ndi mnzanga Benilde, mwana wa mayi Zeferina. Zimene tinakambirana panjira ndikuuzani, koma osati pano. Ndilibe mphamvu zake panobe.

4

Kunyumba ndinafunsa bambo. Anati, "Si nkhani ya ana." Ndinafunsa amayi. Anati, "Ukatsegula pakamwa pako panja pa nyumba ino, ndikumanga ndi kapulana, chitenje changachi." Anali atachedwa.

Pofika Lachiwiri nkhani inali ndi miyendo. Anthu anayamba kukumbukira zinthu. Anakumbukira kuti mtembo wa a Jordão atautulutsa m'dzenje, amene anaukulunga ndi bambo, ndipo bokosi silinatsegulidwe kuti anthu aone nkhope. Anakumbukira kuti bambo ananyamuka kupita ku Tete pasanathe sabata, anthu asanamete n'komwe. Anakumbukira malata a nyumba yathu. Ndipo zonse zinkagwirizana: dzina la Aníbal palibe chifukwa Aníbal sanasokepo, ankangokhala, wosoka anali malemu. Anatchulanso kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu, kamene kamakhala ndi loko nthawi zonse. Ankati fabirika itatseka, ndondocha anabwera nayo m'thiranki, ndipo ili mmenemo.

Mandasi athu tsiku limenelo tinabwerera nawo onse. Mayi wina anamenya mwana wake padzanja chifukwa choloza beseni lathu.

Lachitatu masana kunabwera mano Lino (mano ndi mmene timaitanira achimwene kuno). Ameneyu ndi mwana yekhayo wa a Jordão. Bambo ake akumwalira anali ndi zaka khumi ndi zitatu, tsopano ndi mwamuna wathunthu, amakumba golide kuphiri. Amayi ake, a Carlota, anabwerera kwawo ku Malowera kalekale. Mano Lino kale ankandibweretsera masiwiti. Tsiku limeneli anabwera ndi piki paphewa, thupi lonse dothi lofiira, anzake atatu ali pambuyo. Sanaodire.

"Bambo aang'ono, tsegulani chipinda chija."

"Lino, khala pansi kaye. Mila, patsa mkulu wako madzi."

"Madzi a pano sindimwa. Tsegulani."

Bambo anatenga kiyi m'thumba n'kutsegula. Anthu anali atadzaza kale kumpanda. Mkatimo munali matumba a chimanga, njinga yopanda tayala, ndi thiranki lija. Mmodzi wa anzake anaseka pang'ono. Ine mtima unayamba kutsika.

"Thirankilo," anatero mano Lino.

"Muli zovala zanga."

"Ndiye mukuopa chiyani?"

Anathyola yekha ndi piki. Pamwamba penipeni panali ovolosi yabuluu ya ku fabirika, yopindidwa bwino. Anaitambasula. Pathumba la pachifuwa panali dzina losokedwa ndi ulusi woyera: JORDÃO N. M'khosi mwake munali mothetheka ndi thukuta, m'mawondo munali zigamba.

Mano Lino anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anainunkhiza. Zimenezo ndiye zinandiopsa kuposa piki.

"Bambo anga anaivala liti iyi?"

Bambo anayang'ana anthu a kumpanda aja.

"Ndikufunsa, bambo aang'ono. Munthu amene munamukulunga nokha, wang'amba bwanji mawondo a ovolosi?"

"Pali zina zimene si ine woyenera kukuuza."

"Chabwino." Mawu ake anali otsika, ngati akunena za mtengo wa sopo. "Lachisanu akugawa makina. Akaitana dzina la bambo anga ndidzakhala kutsogolo, ndione amene atuluke. Akapanda kutuluka, Loweruka ndikukumba manda. Kukumba ndiye ntchito yanga. Ndikapeza mafupa, ndidzakugwadirani. Ndikapeza nthochi, dzenje limenelo silikhala lopanda munthu."

Anakoleka ovolosi ija paphewa n'kumapita. Amayi sanalire. Anamanga kapulana, n'kuitana wa mota, n'kunena kuti akupita ku Malowera.

5

Lachinayi m'mawa bambo anavala malaya awo a kutchalitchi n'kulowera ku ofesi ya boma. Ndinawatsatira chapatali. Kuseri kwa ofesiyo kuli zenera lopanda galasi limodzi, ndipo ine ndi zenera limenelo timadziwana.

Mkati munali Dona Elisângela, mayi wochokera ku Tete amene anabwera ndi makinawo. Anali wa magalasi, wolankhula mofatsa.

"Dona," bambo anatero, "ngati munthu wa pamndandanda akudwala, m'bale wake angamulandirire?"

"Ayi, bambo."

"Nanga atakalandirira ku Tete, mwakachetechete?"

"Dzina lake lili kuno, makina ake ali kuno. Abwere yekha ndi bilyete yake, chiphaso cha boma chija, ayankhe dzina lake pamaso pa anthu, adinde chala. Akudwala kwambiri?"

"Kwambiri."

"Mubwere naye pa njinga. Musaone ngati ndi nkhanza. Lamuloli tinaliika dala, chifukwa kwina anthu amalandira zinthu m'maina a akufa. Pagulu munthu sanganame, anzake amamudziwa." Ndinamva mapepala akutembenuzidwa. "Dzina lake ndani?"

"Jordão Nicolau."

"Inu ndinu ndani wake?"



"Mng'ono wake."

"Muwauze kuti makina awo ndi abwino. Opondera, osafuna magetsi. Zaka zisanu ndi zinayi si masewera, awayenera."

Potuluka bambo anaima pafupi ndi kamiyau imene inali ndi makatoni asanu ndi awiri a makina, yokutidwa ndi lona. Sanaikhudze. Anangoima, manja kumbuyo. Anyamata a mota amene anali pamthunzi anasuntha mota zawo kupita mbali ina.

Madzulo a tsikulo wina anaponya thunthu la nthochi pakhomo pathu. Bambo analikoka n'kukalipatsa mbuzi. Amayi anali asanabwere.

6

Lachisanu kunacha kotentha, mitambo yakuda itaunjikana cha ku Zambia koma osagwetsa kanthu. Mwambo wa anthu asanu ndi awiri unabweretsa Fíngoè yense. Msika unatsekedwa wokha. Okumba golide anatsika kuphiri. Ana anakwera m'mitengo. Dona Elisângela anayang'ana khamulo n'kumwetulira, ankaganiza kuti anthu abwera kudzayamikira boma.

Mano Lino anakhala pansi kutsogolo, piki pamiyendo, ovolosi ija paphewa. Bambo anakhala pabenchi limodzi ndi anzawo asanu ndi mmodzi a ku fabirika. Kumbuyo kwa benchilo kunali malo opanda munthu, ngakhale anthu ankapanikizana kwina konse. Ine ndinaima pafupi ndi mtengo wa mbendera. Benilde anandiona n'kuyang'ana kumbali.

Dona Elisângela anaitana woyamba. Anapita, anaonetsa bilyete, anadinda chala, wapolisi anamuthandiza kutsitsa katoni. Anthu anaomba m'manja mwaulesi. Wachiwiri. Wachitatu. Wachinayi anali mayi wa ku Chiputo, ndipo pobwerera anagwira bambo paphewa.

"Jordão Nicolau."

Ngakhale ana a m'mitengo anasiya kugwedeza nthambi. Anthu ena ankayang'ana kunjira ya kumanda.

"Jordão Nicolau," anabwereza Dona Elisângela.

Bambo anaimirira. Khamu linabwerera m'mbuyo ngati madzi. Anayenda mpaka patebulo, n'kutulutsa bilyete yakale, yopindika m'makona, n'kuiika pansi. Dona Elisângela anaiyang'ana, n'kuyang'ana bambo pamwamba pa magalasi.

"Si inu munabwera dzulo?"

"Ndine."

"Munati ndinu mng'ono wake."

"Ndinatero."

"Chithunzichi chikufanana nanu. Ndikufunsani kamodzi, bambo, ndipo muganize musanayankhe. Ndinu a Jordão Nicolau?"

Ine ndinaona zimene mayi uja ankachita: ankawapatsa mpata. Bambo akanati inde, chala chikanadindidwa. Katoni inali pomwepo, wapolisi ataigwira kale ngodya. Koma mano Lino anali ataimirira, ndipo kumbuyo kwake anyamata ena anali atatola miyala.

Bambo anayang'ana katoni ija. Kenako anatembenuka, kusiya tebulo kumbuyo, n'kuyang'ana mwana wa mkulu wawo.

"Ku fabirika ndinali Jordão. Kuno ndine Aníbal. Amene anasoka zaka zisanu ndi zinayi ndine, ndi manja awa. Anzangawa akudziwa."

Asanu ndi mmodzi aja anagwedeza mitu, maso ali pansi.

"Kusoka tinaphunzira tonse awiri kwa bambo athu. Fabirika inaitana mkulu wanga, dzina lake linali litalembedwa kale, amayenera kuyamba Lolemba. Anati apite kudzenje komaliza kuti apeze ndalama yokwerera. Dzenje linamugwera Lachitatu. Ine ndinabadwira ku Zambia nthawi ya nkhondo, pepala lililonse ndinalibe. Ntchito inali ndi dzina koma yopanda munthu, ine ndinali munthu wopanda dzina. Ndinapita."

"Bodza," anatero mano Lino. "Bilyete ya bambo anga munaitenga bwanji? Munaivula m'thumba mwa mtembo?"

"Ndinawapatsa ndine."

Anali mayi aakulu, a Carlota. Sindinaone kuti afika nthawi yanji. Anali ndi amayi anga, onse awiri fumbi mpaka m'nsidze. Anthu anawapatukira. Ndi mayi wamfupi, wowonda, koma anayenda molunjika kwa mwana wawo ngati piki ija ndi ndodo ya mapira.

"Ndinaitulutsa m'chikwama changa, tsiku lotsatira maliro. Ndinati, alamu, tengani, pitani, mwana uyu asafe ndi njala. Imfa ya bambo ako sindinakailembetse kuboma, dala. Ndinawalumbiritsa kuti asadzauze munthu, makamaka iwe, chifukwa unali wolusa kuyambira uli mwana. Ufa umene unkabwera mwezi ndi mwezi unkati ukuchokera kuti? Nsapato za kusukulu zija?"

"Munkati ndi a tchalitchi."

"Ndinkanama."

Mano Lino anati, "Ndiye m'manda muja..."

"Muli bambo ako. Ndinawasambitsa mapazi ndi manja anga. Nkhope sinali yoonetsa mwana, ndi chifukwa chake bokosi silinatsegulidwe. Ukufuna ukaione tsopano? Tiye, ndikakugwirire fosholo."

Piki inagwa pansi. Mano Lino anakhala m'fumbi momwemo, n'kuphimba kumutu ndi ovolosi ija. Miyala ija ndinaimva ikugwa umodziumodzi.

Ndinkaganiza kuti zatha bwino. Koma Dona Elisângela anali atatseka faelo yake. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Bambo Aníbal, ndikukhulupirira kuti munasoka ndinu. Koma mwanena pamaso pa anthu onsewa, ndi pamaso pa apolisi, kuti dzinali si lanu. Sindingakupatseni. Nkhaniyi ndiyenera kuipereka ku Tete."

Wapolisi anatenga bilyete ija n'kuiika m'thumba la malaya ake. Katoni anaikankhira mkati mwa kamiyau. Anaitana wachisanu ndi chimodzi.

7

Tsopano ndibwerere panjira paja, Lolemba lija, ine ndi Benilde.

Benilde anati, "Alakwitsa polemba basi. A m'maofesi amasokoneza mayina a pachibale."

Ikanathera pomwepo. Koma ine ndinaona kuti nkhani yotero ndi yosakoma, yopanda mchere. Azimayi onse aja anali atandiyang'ana ine, ndipo ndinkafuna azindiyang'anabe. Ndinatsitsa mawu, ndinati, "Iwe, sukuona? Bwanji ngati bambo aakulu sanafe? Bwanji ngati ndi ndondocha?"

Benilde anaseka, anati ndine wamisala. Kuseka kwakeko kunandipatsa mphamvu. Thunthu la nthochi ndinaikamo ndine. Lilime lodulidwa ndine. Kachipinda ka loko, kamene munthu wakunja sakanakaganizira, ndinakatchula ndine, ndinati nthawi zina ndimamvamo kukhosomola. Simunamvekepo kanthu mmenemo, ndi mbewa zokha. Ndinkacheza. Tinaseka mpaka kumsika, ine ndinaiwala. Benilde anakauza amayi ake.

Nkhani itandibwerera Lachiwiri, ili ndi mano, ndikanatha kuimirira pamsika n'kunena kuti ndinapeka ndine. Ndinaopa. Mano Lino atathyola thiranki, ndinali pomwepo ndi kapu ya madzi m'manja, ndinakhala chete. Ine amene sindikhala chete.

Kamiyau inapita ndi katoni imodzi. Patatha masabata awiri kunabwera kalata: bambo ndi mayi aakulu akaonekere ku Tete Lolemba likubwerali, pa nkhani yogwiritsa ntchito bilyete ya munthu wina ndi kubisa imfa. Ena akuti akangowadzudzula n'kuwapatsa mapepala awoawo. Ena akuti kumeneko munthu amapita ndi bulangete. Palibe akudziwa. Mano Lino amabwera tsiku lililonse kudzatilimira, salankhula, ndipo madzi amamwa. Mandasi ayambanso kugulidwa, koma alipo ena amene amadutsabe patali ndi nyumba yathu. Akuti ndondocha inasamutsidwa Lino asanafike.

Dzulo masana ndinapeza bambo pakhonde akusoka chikwama cha ulendo ndi singano yamanja. Anandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi, maso ayamba kuvuta.

"Ukudziwa, Mila," anatero, "tinali titapangana ndi anzanga aja kuti asaulule. Mwambo wa anthu asanu ndi awiri, ndani akanabwera? Akazi athu ndi mbuzi. Ndikanayankha dzina, ndikanadinda, lero bwenzi ndikusoka mayunifolomu a sukulu yako ija. Mwina bwenzi utabwererako."

Ulusi unkakana kulowa.

"Mlanduwu sindikuudandaula, ndinaupalamula ndekha. Chimene chikundisowetsa tulo ndi munthu amene anayambitsa za ndondocha. Ameneyo amatidziwa. Analowapo m'nyumba muno, anaona loko uja, mwina anadya nafe. Ndakhala ndikuwerenga anthu onse amene ndinawalakwira, sindikumupeza."

Anandilanda singano n'kulowetsa okha.

"Iwe umamva zonse za m'tauni muno. Amayi ako amakukalipira, koma lero pakamwa pakopo pandithandize. Undifufuzire. Sindimuchita kanthu. Ndikungofuna ndimuyang'ane kumaso ndisanakwere galimoto, ndimufunse chimene ndinamulakwira."

Ndinati, "Chabwino, ababa."

Anandisisita kumutu.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ngati ine, mumamva kukoma anthu akakuzungulirani kudikira mawu otsatira. Sindikukulangizani, ndilibe nkhope yolangizira munthu. Ndikungonena kuti ine sindinkadana ndi aliyense. Munthu amene bambo akumufuna pakati pa adani awo amawatengera madzi osamba m'mawa uliwonse. Benilde akudziwa, amayi ake akudziwa, ndipo pamsika chinsinsi sichikhalitsa. Ndikapanda kunena, adzamva kwa wina, mwina ali kutali kumene sindingawagwadire. Ndikanena, akwera galimoto ya ku Tete atanyamula zimenezi mumtima, pa tsiku limene akufunika mphamvu zawo zonse.

Lero ndi Loweruka. Galimoto inyamuka mawa masana. Mukanakhala inu, mukanawauza asanakwere?